A Majidu ndi Munda wa Kaufiti

Amalume anga, a Majidu, anabadwira ku Lirangwe, koma theka la moyo wawo alithera pabwalo la ndege ku Chileka, kunyamula zikwama za apaulendo. Ndege sanakwerepo. Amati amaidziwa ngati apongozi: ulemu wambiri, koma patalipatali.

Chuma chawo ndi munda umene anawasiyira mayi awo. Vuto ndi lakuti mundawo unalandidwa ndi kaufiti. Chimanga chimangofika m'mawondo, kenako timaluwa tofiira tija mbwee. Akazi awo, a Sikina, anatopa nazo, ndipo anyamata oumba njerwa anali ataupempha kale.

"Bambo a Yasin, tiwapatse anyamatawa. Chaka chilichonse tikulima maluwa ngati kuli ukwati."

Tsiku lina ndinawawerengera nkhani pafoni, yoti akatswiri akunja akuyesa kusintha kachidutswa kakang'ono m'kati mwa mbewu, ngati telala akuchepetsa malaya, kuti kaufiti asamaiyamwe. Sindinadziwe kuti ndayatsa moto. Kuyambira pamenepo aliyense wotsika ndege atavala chipewa chachikulu ankafunsidwa: "Bwana, ndinu a zambewu?" Anafunsa abusa, oyeza misewu, ngakhale woimba wina.

Mvula itayandikira anamupeza: mayi wina wofufuza za mapira. Amalume ananyamula chikwama chake pang'onopang'ono ngati muli mazira, kuti macheza atalike. Kunyumba anafika atafatsa.

"Akuti chiyani alendo anuwo?" anafunsa a Sikina.

"Akuti n'zoona, mbewuyo ikuyesedwa. Koma ndi mapira, si chimanga. Ndipo kuti ifike kuno, mwana wathu Yasin adzakhala ndi imvi."

"Ndiye ndiwaitane a njerwa."

"Dikirani kaye, mayi. Akutinso tizidzala soya kwa zaka zingapo, kaufiti amachepa."

"Si zimene ndinakuuzani ine kalekale? Mawu azitsika ndege kuti inu mumve?"

Ine ndinabisa nkhope mumpango, mapewa akugwedezeka.

Anakangana mpaka tiyi anazizira, kenako anagawana nkhaniyo pakati. Oumba njerwa anapatsidwa kangodya ka kumunsi komwe kumadikha madzi. Kwinako amalume anadzala soya, mizere yowongoka ngati msewu wa ndege, ndipo aliyense wodutsa amamuuza kuti nzeruyi inachokera kunja. A Sikina akamva amangotsonya, n'kupitiriza kupalira.