Gemu imene bambo anaisiya itaima

Amuna anga anali mkulu wa mpingo, munthu wosaseka pagulu, koma kunyumba kwathu ku Springburn, kuno kudziko la azungu, ankasewera gemu ya ku Japan yopanda nzeru ngakhale pang'ono. Anaigula pamodzi ndi makina ake otuwa m'shopu ya zinthu zakale ku Partick. Zolembedwa zonse zinali za Chijapani. Ine sukulu ndinalekezera Sitandade 5, ndiye ankakonda kunena kuti, "Apa ndiye tafanana, mayi. Nanenso sindikuwerengapo kanthu."

Inali gemu yowomberana, koma osati ya asilikali. Iwo ankakhala pengwini, kambalame kooneka ngati kavala suti. Kankauluka kuchokera kumanzere kupita kumanja n'kumawombera chilichonse chobwera: maswiti, nkhumba zamapiko, chombo chokhala ndi nkhope ya mphaka. Nyimbo zake zinali ngati kwaya ikuimba uku ikuthawa galu. Akaweruka kunyumba yosamalira okalamba kumene ankagwira ntchito, ankavula nsapato, kukhala pa kapeti, n'kumaseka mpaka kutsokomola.

"Akulu a mpingo, anthu atakuonani?" ndinkatero.

"Akawauza ndani? Inu? Ndikakana pamaso pa abusa."

Makina akalewo sasunga kanthu. Ukazimitsa umayambiranso poyambirira. Zaka zonsezo anali asanafike kumapeto. Loweruka lina masana anandiitana ndili kukhitchini kuti ndidzaone, afika pamalo pamene anali asanafikepo. Ali chisekere anagwira pachifuwa. Anadina batani loimitsa gemu, zonse zinaima. Pamene anthu a ambulansi ankawatulutsa, anandiuza kuti, "TV mukhoza kuzimitsa, koma makinawo ayi. Ndikabwera ndidzamaliza."

Anatisiya Lachiwiri lake.

Sindinazimitse. Masiku a maliro anthu a kumpingo anadzaza pabalaza n'kumaimba, ine ndinali nditaphimba makinawo ndi chitenje kuti wina asaone kanyali kake kofiira. Titaika maliro, m'mawa uliwonse ndinkayatsa TV. Pengwini anali pompo m'malere, zipolopolo zitalendewera momuzungulira. Ndinkayang'ana pang'ono, kuzimitsa TV, n'kukathira tiyi.

Patatha mwezi panafika tsiku losesa. Kwawo kwa amuna anga, tsiku limenelo chilichonse cha malemu chimachoka pamalo pake n'kugawidwa, ndipo amene amagwira ntchitoyo ndi achibale a mwamuna. Kuno wachibale wawo anali mmodzi yekha, mlongo wawo, namwino wa ku Dennistoun. Anabwera pa basi ndi matumba akuda. Masuti anati apita kwa azichimwene kumudzi, Baibulo kwa mphwawo, nsapato kwa aliyense amene zimukwane. Ine ndinkangovomera. Kenaka anachotsa chitenje chija, dzanja lili ku pulagi.

"Alamu, ayi!" Ndinakuwa mpaka ndinadzidabwa ndekha.

"Mwatani? Ndikufuna ndilumikize huva yosesera pa kapetipa."

Ndinayatsa TV n'kuwafotokozera zonse. Anakhala pa mpando, huva ili m'manja, n'kuyang'anitsitsa.

"Ndiye mwezi wonsewu achimwene angokhala m'malere ngati pengwini?"

Tinaseka tonse, kuseka kwa misozi. Atapukuta m'maso anati, "Alamu, mwambo mukuudziwa. Sindingachoke muno chinthu chili mmene anachisiyira. Akandifunsa kumudzi ndikanena bodza? Komanso inu muzikhala mpaka liti mukulondera kanyali?"

Ndinati sindikudziwa. Ndinati ndikazimitsa, ndiye kuti sabweradi.

Anaika huva pansi, kuvula nsapato, n'kukhala pa kapeti, pamalo pomwe paja ankakhala bambo.

"Ine sindizula pulagi," anatero. "Anati adzamaliza. Bwerani tiwamalizire."

Ndinali ndisanagwirepo chowongolera gemuyo. Mabatani ake anali osalala chifukwa cha zala za bambo. Pakona ya TV panali tiapengwini titatu, ndipo ndinkadziwa tanthauzo lake: bambo anatisiyira mwayi katatu. Ndinadina batani. Nyimbo inayambira pakati, pomwe inalekera Loweruka lija, ndipo ndisanapume n'komwe nkhumba inandigunda.

"Iii, alamu! Zaka zonsezi munkaonerera chiyani? Patseni kuno."

Iwo anathawa nkhumba ziwiri, kenaka anakadzigunditsa okha pakhoma.

"Anamwino athunthu," ndinatero.

"Khomalo lachita kundibwerera. Kwayani, kotsiriza n'kwanu."

Ndinakumbukira kuti bambo zikavuta ankatsikira pansi penipeni. Ndinatsitsa kambalame kaja n'kungopanikiza batani lowombera. Nkhumba zinadutsa pamwamba. Khoma linatha, ndipo tinatulukira pamalo atsopano, pamene iwo sanapaone. Panali chibafa chachikulu chodzaza thovu, m'katimo muli chinkhuku chovala chisoti chachifumu, chikudzikwecha kumsana.

"Zaka zonsezi achimwene ankalimbira kukaona nkhuku ikusamba?" anakuwa alamu.

Ndinaseka mpaka manja anafooka, thovu limodzi linandigunda, basi. Kunalira kanyimbo kakafupi, gemu inabwerera poyambirira. Kumapeto sitinafike, koma pengwini anali atatera.

Pulagi ndinazula ndekha. Makinawo anali ofunda, ndipo ndinawasunga pamiyendo mpaka anazizira, alamu akuyendetsa huva pansi pa TV. Atamaliza anayang'ana matumba awo, anayang'ana ine.

"Icho kumudzi palibe angachifune," anatero. "Ndachigawa. N'cha mkazi wake. Koma muchiike pena, osati pomwe paja."

Ndinachiika pa shelefu ya pawindo. Loweruka masana ndimachitsitsa, ndimavula nsapato. Mpaka pano chombo cha mphaka sindinachidutse, ndipo ndikatopa ndimazimitsa.