Chipika cha pansi pa tipa

Achimwene anga ankayendetsa tipa yotuta mchenga mumtsinje wa Domasi kupita nawo kwa omanga nyumba ku Songani ndi ku Malosa. Bodi yake inkatukulidwa ndi oyilo wopopedwa mwamphamvu, ndipo chosankha njira ya oyiloyo chinali valavu yokhala pansi pa bodipo. Valavuyo inali ndi makoyilo awiri a magetsi. Ukaika switchi pokweza, koyilo imodzi inkakoka kachitsulo ka m'kati, oyilo n'kulowa m'silinda. Ukaika potsitsa, inzake inkakoka, oyilo n'kubwerera m'thanki, bodi n'kutsika yokha ndi kulemera kwake.

Waya wa koyilo yotsitsa ankachita dzimbiri chifukwa cha madzi odontha mumchenga. Bodi ikakanirira m'mwamba, achimwene ankaichirikiza ndi chipika cha bulugamu chimene chinkakhala m'bodimo, kenako n'kulowa pansi kukapala wayayo. Chipikacho ankachitcha mkulu wa mpingo.

"Mkulu wa mpingo wanuyo mumamusamala kuposa ine," alamu anga, akazi awo, ankawaseka.

"Iyeyu sandifunsa kumene ndaswera," achimwene ankayankha.

M'mudzi mwathu mutagwa maliro, mwini galimoto anaibwereketsa kuti ikatute nkhuni, monga amachitira aliyense wokhala ndi galimoto kwathu. Achimwene anakhuthula nkhunizo pasiwa, chipika chija n'kutsetsereka nazo limodzi. Palibe amene anachizindikira. Azibambo anachiwaza, azimayi anaphikira nyemba za anthu obwera pamaliro.

M'mawa mwake, ku Songani, bodi inakana kutsika. Achimwene anafunafuna chipika, osachipeza. Amisiri ankadikira mchenga wina, simenti atatsegula kale. Switchi inali idakali potsitsa. Achimwene analowa pansi n'kupala waya, magetsi n'kudutsa. Amene anali pafupi akuti anangomva valavu ikulira kamodzi, pang'ono chabe. Bodi inatsika achimwene ali pansi pake.

Makaniko amene anabwera kudzaiona galimoto anati valavuyo inalibe vuto. Inachita zimene switchi inaiuza.

Maliro a achimwene atatha, alamu anandiitanira kuseri kwa nyumba kuti ndiwafotokozere bwinobwino, popeza aliyense ankawauza zake. Ndinawafotokozera za waya, za koyilo, za oyilo wobwerera m'thanki. Anamvetsera mpaka kumapeto osandidula mawu.

"Zimenezo ndamva, alamu," anatero. "Koma ine ndimafunsa ngati anamva kuwawa."

Zimenezo makaniko sanandiuze, ndipo anthu a ku Songani aja aliyense anati anali atayang'ana kumbali.