Supuni Yoyamba ya Amake Jin-gu

Ambiri amakhulupirira kuti osinkhasinkha m'akachisi athu a Chibuda kuno ku Korea amakhuthula mutu mpaka ganizo lililonse lithe. Si choncho ayi: wophunzira amapatsidwa funso loti azikhala nalo. A Pyo Mal-sun, amene anaphikira masisitere a Chibuda a pakachisi wina pafupi ndi Hadong kwa zaka makumi atatu, analandirira lawo kukhitchini: "Amene akuganizayu ndani?" Ine, mphunzitsi woyandikana nawo nyumba, ndinkaliona ngati funso longotayitsa nthawi.

Amuna awo, a Ok Tae-bong, anayamba kuiwala mayina, kenako njira, kenako mawu. Pomaliza analeka kudya. Ankangokhala patebulo manja ali pamaondo, ndipo akawayandikizira chakudya ankatseka pakamwa. Dokotala anati akagonekedwe kuchipatala, azikadyera m'kapaipi ka m'mphuno.

"Amayi, vomerani," anatero mwana wawo Jin-gu, ine ndili pomwepo. "Munthu akaleka kuganiza ndiye kuti kulibe. Chatsalachi ndi chigoba."

"Iwe unatha zaka makumi awiri osaganiza, kodi tinakutaya?" anayankha mayiwo. "Ndipatse masiku atatu."

Tsiku lachiwiri a Mal-sun anazindikira kuti maso a bambowo sanali pa mpunga, koma pamalo a wamkulu wa pabanja, pomwe panalibe munthu. Kwathu wamng'ono sagwira supuni wamkulu asananyamule yake. Kwa zaka makumi asanu a Mal-sun ankadikira amuna awo kuti ayambe. Amunawo, atabwerera ku ubwana, ankadikira bambo awo amene anamwalira kalekale.

A Mal-sun anakakhala pamalopo, manyazi ali tho, nanyamula supuni. A Tae-bong anaweramitsa mutu mwaulemu. Anadya mbale yonse.

"Ndiye mwamupeza woganizayo, amake Jin-gu?" ndinawafunsa pambuyo pake.

"Inunso aphunzitsi, mafunso ngati apolisi! Woganizayo sindikumudziwa. Ndapeza wodikira."

Masisitere anati maganizo ndi alendo chabe, mwini nyumba sachoka. Madokotala akanati ndi chizolowezi chotsalira m'thupi, ndipo ine ndimapendekera kwa iwo. Komabe sindinathe kufotokoza kuti amene anapirira njala pofuna kusunga ulemu anali ndani.

Pa 9 Marichi 2019 Jin-gu anauza achipatala kuti bedi limene anasungira bambo ake alipereke kwa wina. Kuyambira tsikulo a Mal-sun ankayamba ndiwo kudya, ndipo a Tae-bong anakhala pakhomo pawo zaka zina ziwiri.