Miyala Imene a Wiritsani Anaphika

M'chaka cha 2017, atatha zaka makumi atatu ndi chimodzi akuwiritsa zipangizo za madokotala m'kachipinda ka kuseri kwa chipatala, bambo amene anzawo ankawatcha a Wiritsani anapuma pa ntchito. Pa 3 Meyi chaka chotsatira, mwana wawo mmodzi yekhayo anamwalira pa ngozi ya njinga yamoto. Anasiya kope, ndi thanki yagalasi pabalaza, yodzaza madzi amchere ndi miyala koma yopanda nsomba.

M'kopemo mwanayo analemba kuti thanki yatsopano imadikira masabata asanu ndi limodzi nsomba zisanalowemo. Iye analekezera pa tsiku lachisanu ndi chinayi, ndipo bambo ake anapitiriza pomwepo. M'mawa uliwonse ankawazamo tizakudya ta nsomba kuti tiwolere momwemo, kutunga madzi m'kabotolo, kudonthezamo mankhwala oyezera, n'kulemba mtundu umene watuluka. Sankalira. Akazi awo ankadutsa pabalazapo osacheuka.

Pa tsiku la 24 miyala ija inamera ndere zofiirira. A Wiritsani anachita zimene manja awo anazolowera: anaivuula yonse, kuikwecha ndi burashi, n'kuiwiritsa mphindi makumi awiri mumphika waukulu. Inabwerera m'thanki ili mbee.

Patapita masiku atatu, madzi a m'kabotolo anabiriwira, chimene kopelo linkati ndi chizindikiro cha poizoni. Anapita nako kwa mayi wogulitsa nsomba zoweta, amene ankamudziwa malemuyo.

"Miyala ija mwaitani, bambo?" anafunsa mayiyo.

"Inada. Ndaiwiritsa."

"Mumati mudyere chiyani, miyala yophika?" Anayamba kuseka, koma ataona nkhope yawo analeka. "M'miyalamo mumakhala tizilombo tosaoneka ndi maso, timene timadya poizoni wa zonyansa za nsomba. Masabata onsewa mwakhala mukuweta timeneto. Mbewu yake mwana wanu anadzatenga yekha pano, m'kachitini."

"Palibe kamene kapulumuka?"

"Katswiri ndinu, bambo. Mukawiritsa chinthu pamatsala kanthu?"

"Sipatsala."

Atafika kunyumba anapeza akazi awo akupinda zovala.

"Akuti bwanji kumeneko?"

"Akuti ndapha zimene anasiya mwana."

"Zimene sitinazionepo n'komwe?"

"Zomwezo."

Mayiwo anamaliza kupinda malaya amene anali m'manja. "Ndiye katayeni madziwo, bambo ake, pabalaza papite mphepo."

"Mawa," anatero.

Anakhala pampando moyang'anizana ndi thankiyo mpaka tiyi anazizira. Madzi anali oyera kuposa kale lonse, pampu ya thankiyo ikungolira. Mawa lakelo sanataye kanthu. Anadumpha tsamba limodzi m'kope muja, nalemba pamwamba pa linalo: 22 Meyi, tsiku loyamba. Ndere zitameranso anazisiya.

Nsomba ziwiri zinalowa m'thankimo pa 5 Julayi 2018. Imodzi inafa mu Novembala. Inzake inakhala zaka zinayi.