Zenera limene adada sanatseke

Adada anali ndi lamulo limodzi pa kompyuta: chooneka chachilendo, tseka. Mnzawo wina wa kuntchito anawaopseza za mavairasi asanapume, ndiye zenera likangotseguka losafanana ndi anzake, ankalitseka msangamsanga ngati aona njoka m'bafa.

Maso atayamba kuwavuta, buku la nyimbo za Chitumbuka linawakanika. Chikhalire ndi iwo amene ankayambitsa nyimbo pa mapemphero a kunyumba ku Area 9. Tsopano vesi loyamba ankaliimba pamtima, koma pofika lachitatu ankangong'ung'udza, nkhope ili pansi. Zinkandiwawa kuwaona choncho.

Pa laputopu yawo yakale ndinali nditaikapo Linux, ija yaulere imene aliyense amaloledwa kuisintha, ndipo anali ataizolowera. Ndiye ndinawapangira pulogalamu yoonetsa nyimbo m'zilembo zikuluzikulu, yamabatani obiriwira, yokongola ndithu. Anaiyang'ana kamodzi n'kuitseka.

"Ichi si cha muno," anatero.

"Ndapanga ndine, adada."

"Ndiye chifukwa chake."

Ndinabwerera kukachipinda kanga ku Area 3 mtima uli m'malere. Ntchito yanga adada sankaiona ngati ntchito. Kwa iwo wantchito amavala tayi n'kupita ku ofesi, osati kumangogogoda makiyi atavala kabudula. Ndinalumbira kuti pulogalamuyo ioneke ngati inabadwira m'kompyutamo.

Kunena n'kosavuta. Ndinachotsa mitundu yanga yonse kuti izitengera ya mazenera ena. Zilembo nazonso chimodzimodzi. Batani lovomera ndinalisamutsira mbali imene limakhala kwa anzake, mipata ya m'mphepete ndinaichepetsa, kenako ndinaikulitsanso. Sindinkakhazikika. M'minibasi yopita ku City Centre ndinkangoganiza za ngodya za mabatani, mpaka tsiku lina ndinapitirira siteji, kondakitala n'kundifunsa ngati ndagona maso ali gwa. Magetsi akathima ndinkazungulira m'chipindamo ngati nkhuku yofuna poikira.

Poyesa, ndinkatsegula zenera langa pambali pa la mafayilo, n'kuvula magalasi, n'kukaima pakhomo. Ndikatha kulizindikira langa, ndiye kuti ntchito ikadalipo.

Loweruka lina ndinaika pulogalamuyo mwakachetechete pa laputopu ya adada, pakati pa mapulogalamu ena, pafupi ndi imene amatsegulira zithunzi za adzukulu. Sindinawauze kanthu. Ndinatuluka pakhonde, kukhala pansi, kuimirira, kukathirira maluwa othirira kale. Amayi anandifunsa ngati ndadya tsabola.

Kenako ndinamva mawu a adada m'nyumba. Vesi loyamba. Lachiwiri. Lachitatu linatuluka lonse, mawu ndi mawu, mokweza ngati kale. Misozi inalengeza m'maso mwanga.

"Iwe, tabwera udzaone," anandiitana. "Anthu amene anapanga kompyutayi ndi anzeru. Mpaka nyimbo zakwathu anaikamo, ine osadziwa. Iweyo ndi sukulu yonse ija, bwenzi ukupangako zinthu ngati izi, osati chobiriwira chako chija."

Zaka zonsezi ndinkafunitsitsa kuti adzayamikireko ntchito ya manja anga, ndipo lero anali kuiyamikira pamaso panga, koma ulemu akuupereka kwa anthu osawadziwa. Ndinapsa mtima, ndinakondwa, zonse pamodzi. Ndinatsegula pakamwa kuti ndiwauze. Pomwepo ndinaona kamuvi ka mausi kali chete pafupi ndi kabatani kotsekera, chala chawo chili pamwamba pa mausiyo.

"Ndi anzerudi, adada," ndinatero. "Nanga vesi lachinayi likuti bwanji?"