Amalume a pakhomo

Ine sukulu ndinalekezera sitandade thu, cholembera chimanditerera m'manja ngati mlamba. Koma iyi ndiilemba, ee ndiilemba ndithu, chifukwa ndikaikumbuka mtima umavina wokha.

Kunali kwathu kufupi ndi Mbulumbuzi, dziko litangolandira ufulu, ine ndili ndi mwana woyamba kumsana. Amayi aakulu, akulu awo a amayi anga, anamwalira nandolo ali maluwa. Anasiya amuna awo, nkhalamba yaitali yowonda, maso atachita ng'ala. Ife tinkati abambo aakulu, amayi ankati alamu. Mwana wawo mmodzi yekhayo anapita ku Joni kalekale, osabwerako, ngakhale kalata.

Kwathu kuno mwamuna amakhala kwa mkazi. Mkazi akamwalira, tikatha kumeta, abale amamusudzula mkamwiniyo: amamuthokoza, amamuuza kuti wamasuka, abwerere kwawo. Abambo aakuluwo kwawo kunali ku Likoswe. Koma ku Likoswe kwa yani? Alongo awo anatha, nkhoswe yawo inatha, kunangotsala tiana tosawadziwa nkhope. Munthu wosaona, akagogode pakhomo pa yani? Chonsecho nkhokwe zonse za pamudzi pathu analuka ndi iwo, kumangopapasa ndi manja. Mango amene tinkadya anabzala ndi iwo, ine ndisanabadwe.

Tsiku losudzula amalume anabwera kuchokera ku Njuli, kumene ankakhala kwa akazi awo, panjinga yolira kwii kwii. Tinayala mphasa pansi pa mango. Katundu wa nkhalambayo amayi anali atamanga kale ndi luzi: bulangete, khasu lotha, mpeni wolukira. Basi, ndi womwewo.

Amalume anayankhula bwino, sindingawanamizire. Anati, "Alamu, mlongo wathu mwamusunga mpaka kumuika. Tilibe nanu chifukwa. Njira yanu ndi yoyera."

Abambo aakulu anawomba m'manja pang'onopang'ono. "Zikomo, ndamva. Wina angondifikitsa pamsewu, mapazi akakumbuka okha."

Amayi ananyamula katunduyo, misozi ili mbwee, n'kuwaika m'manja. "Muyende bwino, achimwene."



Amayi aang'ono, amene pakamwa pawo sipankagona, anadzutsa mutu. "Mwati chiyani, akulu? Tabwerezani."

"Ndati alamu."

"Bodza limenelo! Tonse tamva. Mwati achimwene."

"Lilime laterereka, ndisiye."

"Latererekera pabwino. Nanga mlongo amasudzulidwa? Munaona kuti munthu akupatsa mlongo wake katundu kuti achoke pamudzi pa amake?"

Amalume anatukula nsidze. "Iwe, nanga ine ndine yani? Mlongo wanu si ine?"

"Inu ndinu achimwene a ku Njuli, timakuonani pamaliro. Denga likadontha kuno mumamva? Awa ndi achimwene a pakhomo."

Ine maso anali pa amalume, chifukwa mawu omaliza anali awo. Akanati mwambo ndi mwambo, nkhalambayo ikanapita tsiku lomwelo. Anakanda mutu, anayang'ana njinga yawo, anayang'ana mango kumwamba, kenako anaseka chapansipansi. "Ine ntchito yanga ndagwira. Mkamwini ndamusudzula, wapita. Awa akhala apawa sindikuwadziwa, funsani alongo awo."

Mayo ine, nthungululu! Tinali titangochoka kumene pamaliro, koma nthungululu inatuluka yokha. Achimwene, ee achimwene, achimwene a pakhomo! Mwana kumsana anadzidzimuka n'kuyamba kulira, ine ndikungomuvinitsa.

Nkhalambayo inapapasa katundu uja pamiyendo pake. Kenako inafunsa, "Ndiye anawa azinditcha chiyani?"

Ndinakuwa ndine: "Amalume!"

"Chabwino. Amalume ako ali ndi ludzu, thamanga."

Kutsala anatsala, koma wowagwira ndodo, akazi awo aja, anali atapita, ndipo ife tonse m'mawa tinkalawirira kumunda. Ndiye amayi anamasula luzi lija la katundu, tinalumikiza ndi lina, tinamanga pazikhomo kuchokera pakhomo pawo mpaka kuchimbudzi, kwina mpaka pansi pa mango. Miyala ya m'njira tinazula, maenje tinakwirira. Mvula itagwa tinabzala nandolo m'mbali mwa luzilo, ndipo atakula, luzi litawola, amalume atsopanowo ankayenda dzanja likusisita masamba. Nandolo ameneyo tinkathyola, koma mitengo yake palibe ankadula nkhuni. Mbuzi ikayandikira, mudzi wonse unkakuwa.

Nkhalamba zina zinayamba kutsata kanjira komweko. Agogo ena a miyendo yotupa anati nafenso tikonzereni, tinakonza. Wina anakhoma benchi. Ife pochokera kumunda tinkawapeza pansi pa mango atatu, anayi, akusenda nsungwi, akukangana za mvula ya chaka chimene palibe wa ife anachiona.

Anakhala nafe mpaka mwana wanga uja anayamba sukulu. Amalume a pakhomowo atamwalira, panalibe wofunsa kuti maliro apite kuti. Anagona kumanda kwathu, ndipo amalume a ku Njuli ndi amene anaima n'kunena kuti m'bale wawo wawasiya.

Amayi atakalamba, tsiku lina akuwothera dzuwa pabenchi lomwelo, ndinawafunsa kuti kodi lilime lija linatererekadi. Anandiyang'ana ndi diso limodzi.

"Sendera uko iwe, ukunditchinga dzuwa."