Tadala wakoleza moto paphiri la azungu

Moni nonse.

Mdzukulu wanga Tadala, wa kusukulu ku Norway uja, wandiimbira m'mawa uno. Akuti dzulo anakwera phiri ndi anzake. Osati kukatola nkhuni ayi, kungokwera basi.

Mvula inawapeza pamwamba, kachitofu kawo ka gasi n'kukana kuyaka. Azungu onse njenjenje. Tadala anasenda nkhuni zonyowa mpaka kupeza pouma, n'kukoleza moto monga ndinamuphunzitsira tikuotcha makala kwa Nthache. Onse anaotha, tiyi anamwa.

Tsopano akufuna kupitanso Loweruka, koma mayi ake akukana, akuti akafera kutchire. Ine ndikuti mwana wodziwa moto safa ndi chisanu.

Inu mukuti bwanji? Yankhani ndithu, ngakhale ine ndamuuza kale kuti apite.